Kulembetsa kapangidwe ka mpando: kuno kwathu kapena ku ARIPO?

Mmisiri woluka mipando pamsewu wa Senga Bay, amene wapeka kapangidwe kake ndipo sakufuna kuti anzake akopere, ali ndi njira ziwiri.

Kulembetsa ku ofesi ya boma kuno ku Malawi n'kotsikirapo mtengo, mumalipira makwacha, koma chitetezo chimathera m'malire a dziko lino. Wina ku Chipata akakopera, palibe mlandu.

ARIPO, bungwe la mayiko ena a mu Africa lolembetsa umwini wa zinthu zopeka ngati izi, lomwe likulu lake lili ku Harare, limayendera pangano la 1982. Pempho ndi limodzi, mumangotchula mayiko omwe mukufuna, monga Zambia, Mozambique ndi Tanzania. South Africa mulibe. Vuto ndi madola, ndipo dziko lililonse lomwe mwatchula likhoza kukana palokha.

Konseko, chotetezedwa ndi maonekedwe omwe ali pazithunzi. Dzina lolakwika mukhoza kukonza, koma kuwonjezera maluko atsopano kumsana kwa mpando mutapereka kale pempho n'kosatheka. Pamenepo ndi pempho lina. Jambulani mbali zonse, ndipo perekani pempho musanauike mpandowo pamsewu kapena pa Facebook.

Ine ndingayambe kuno. Pangano la Paris, lomwe mayiko anagwirizana pa nkhani zotere, limapatsa miyezi 6 yokalembetsa kunja osataya tsiku lomwe munapereka pempho loyamba, nthawi yokwanira kuona ngati ogula akunja alipodi.