Mastodon pa seva yakoyako: pulogalamuyi ndi yabwino koma unyakwawa wakewo ndiye eeh

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti kodi za seva ya Mastodon zija munayambitsa ku Dedza zija zikuyenda bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi aliyense awerenge yekha, ndatopa kuyankha mmodzimmodzi.

Chiyambi chake chinali gulu lathu la pa WhatsApp, la achinyamata a pa boma pano, Bembeke ndi ena a ku Linthipe, ambiri ndife a geni ya mbatatesi ndi tomato, ena aphunzitsi, ena ali ku Joni. Gulu lija linafika poti ukagona usiku umodzi m'mawa upeza mauthenga mazanamazana, mtengo wa thumba la mbatatesi womwe umafunawo wakwiririka pansi pa mavidiyo a maulaliki ndi mikangano ya mpira. Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta, ndiye pakati pa 2023 ndinati tiyeni tiyese kukhala ndi pathupathu.

Kwa amene simukuidziwa, Mastodon ndi pulogalamu yaulere imene anaiyambitsa Eugen Rochko ku Germany mu 2016, imaoneka ngati Twitter ija koma kusiyana kwake n'koti palibe kampani imodzi imene ili ndi zonse. Aliyense atha kuiika pa seva yake, ndiye kuti kompyuta imene imakhala yoyaka pa intaneti usana ndi usiku, ndipo maseva onsewo amalankhulana kudzera mu ActivityPub, ndiye munthu wa pa seva yathu atha kutsatira munthu wa pa seva ya ku Nairobi kapena Berlin osatsegulanso akaunti ina. Ngati imelo basi, wa Gmail amalembera wa Yahoo bwinobwino. Anthu anathamangirako kwambiri kumapeto kwa 2022 Elon Musk atagula Twitter, inenso ndinaimva nthawi imeneyo.

Zabwino zake ndinene mwachangu chifukwa n'zosavuta kunena. Mulibe zotsatsa malonda, zolemba zimabwera motsatana mmene anthu alembera osati makina akusankhireni, malire ake ndi zilembo 500 pa positi imodzi zomwe kwa ife n'zokwana, ndipo tsamba limene limaonetsa za anthu a pa seva yanu okhaokha ndi limene linandigula mtima. M'mawa kukuzizira kuja kwa mu June, nkhungu itaphimba phiri, umatsegula n'kuona wina walemba mtengo wa ku Lizulu, wina wa ku Chimbiya, wina akufuna lole yobwerera ku Lilongwe yopanda katundu. Tinapangana kuti mitengo izikhala ndi hashtag yakeyake ndiye ukaidina umaona ya sabata yonse. Pamenepo palibe chonena, WhatsApp siifikako.

Tsopano kuika kwake. Musanamizidwe kuti n'kungodina next next. Pamafunika domain (dzina la tsamba lanu pa intaneti), seva yobwereka, ndi kudziwako Linux pang'ono, chifukwa mkati mwake muli Ruby on Rails, PostgreSQL, Redis ndi Sidekiq, zonsezo zimafuna RAM, ine ndinayamba ndi 2GB ndipo inkapuma wefuwefu mpaka ndinakweza. Zoika kompyuta kunyumba kuti ikhale seva ndinaziganizirako koma magetsi akathima mudzi wonse wathima, ndiye ndinabwereka ya kunja yolipira ma euro mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene panandiwawa: mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bilu yomweyo yosasintha ku Ulaya kuno inangodzuka itanenepa, kuwonjezera apo khadi kukana kulipira kunja chifukwa cha forex, mpaka pano amandilipirira ndi mchimwene wanga wa ku Joni ine n'kumawapatsa amayi makwacha kuno. Tinakhazikitsa kasonkhesonkhe, amene amapereka mokhulupirika ndi anthu asanu ndi mmodzi mwa anthu pafupifupi 70, enawo ndi a "ndikutumizirani madzulo bwana".

Chinanso chimene sindinachiganizire n'komwe ndi bandulo. Anthu kuno amagula mabandulo a WhatsApp ndi Facebook chifukwa ndi otsikirako, ndipo seva yako siilowa m'menemo, imadya data wamba. Ndiye munthu amalembetsa, kulowa kawiri, kenako zii. Kulembetsa kwakenso kumafuna imelo osati nambala ya foni, ndipo theka la anthu athu imelo yawo inatsegulidwa ndi mnyamata amene anawagulitsa foni, pasiwedi saidziwa. Ndinakhala masabata awiri ndikuwatsegulira pa shopu mmodzimmodzi. Mamenyu ake ali m'Chingerezi, kaya boost kaya content warning ndimachita kumasulira pakamwa.

Disiki nayo inandiphunzitsa mwambo. Seva yako imasunga zithunzi ndi mavidiyo a anthu a maseva ena amene anthu ako akuwatsatira, ndipo ine sindinaike malire a masiku osungira ngakhale malo oikira alipo. Tsiku lina Lamlungu ndili ku tchalitchi foni ikungonjenjemera m'thumba, seva yagwa, disiki yadzaza ndi zithunzi za amphaka a azungu. Kulakwa kunali kwanga. Pano ndinaika kuti izifufuta yokha pakatha masiku 7, ndipo tootctl media remove, mawu amene umalemba pa seva kuti ifufute zithunzizo, ndinawaloweza ngati Atate Wathu.

Koma zonsezi ndi zazing'ono, zimatha ndi kiyibodi. Nkhani yeniyeni ndi yoweruza anthu.

Zida zake zoweruzira ndi zabwino, izi ndivomere. Munthu akadandaula za positi, dandaulo limabwera kwa iwe lili ndi positiyo, utha kuchenjeza, kufufuta, kumubisa munthuyo kuti azioneka kwa omutsatira okha, kumutsekera kuti asalowe, kapena kumuchotseratu. Uthanso kubisa kapena kutsekeratu seva yonse yachilendo ngati ili ya anthu achipongwe, ndipo pa intaneti alipo ambiri, ena osankhana mitundu moti ungodabwa. Zimene wachita zonse zimalembedwa ndiye mnzako woweruza naye amaona. Koma dziwani kuti nawenso ena akukuweruza. Mu February 2024 kunabwera chiwembu cha spam chimene chinagwera maseva ang'onoang'ono osiya chitseko chosatseka, yathu inali imodzi mwa izo, ndinadzuka m'mawa n'kupeza maakaunti achilendo akutumiza zinthu za m'Chijapanizi kwa anthu padziko lonse kuchokera pa dzina lathu, madandaulo ali mbwee, ma admin ena atatibisa kale. Ndinachotsa zinyalala zija tsiku lonse, kenako n'kulemba makalata opepesa m'Chingerezi changa cha fomu folo kuti atitsegulire. Kuyambira pamenepo wolembetsa aliyense amadikira kuti ndimuvomere, ndipo pali funso loti alembe chifukwa chimene akufunira kulowa. Ine ndinaonjezera kuti ayankhe m'Chichewa ndipo atchule kumudzi kwawo. Maloboti onse anathera pomwepo.

Chichewa chomwecho chili ndi mbali inanso. Kunali Mmalawi wina pa seva yaikulu ya kunja amene ankatukwana atsikana athu, kutukwana kwenikweni kotchula ziwalo, ndinatumiza dandaulo kwa eni seva yakeyo koma ndani kumeneko angamve kuti mawu ajawa ndi olaula? Ndinachita kuwamasulira, manyazi ake. Ubwino wake sufunika kudikira iwowo, ndinangomutseka kumbali yathu ndipo kwa anthu athu anasowa ngati sanabadwe.

Yomwe sindidzaiiwala ndi ya msuweni wanga. Anagulitsa mbatatesi kwa venda wina, anakangana pa kukula kwa matumba, iye n'kubwera kudzalemba dzina la munthuyo, chithunzi chake ndi nambala ya galimoto, akuti wakuba uyu musamugulitse. Mwina anali ndi mfundo, nkhani ya matumba otalika ngati munthu ija tonse timaidziwa, koma lamulo lathu lachitatu limati osaika chithunzi ndi dzina la munthu pomuneneza, komanso dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, ndipo domain ili m'dzina langa osati lake. Ndinafufuta, ndinamutsekera masiku atatu. Apa muphunzirepo china: ukafufuta, seva yako imauza maseva ena kuti nawonso afufute, koma ulibe mphamvu yowakakamiza, ndipo screenshot inali itafika kale pa WhatsApp.

M'mawa mwake ndikutsegula shopu ndinangoona atsibweni atsika pa kabaza, jekete lawo lakuda lija la ku maliro, anakhala pa benchi osavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji atsibweni?"

"Ndadzuka. Iwe, ndamva wamuthamangitsa mbale wako m'mudzi mwako."

"Ayi atsibweni sindinamuthamangitse, ndangomuimitsa masiku atatu, analakwira lamulo."

"Lamulo analemba ndani?"

"Ndinalemba ndine."

"Woweruza ndani?"

"Ndine."

"Nanga apilo amakapanga kwa yani?"

Ndinangoyang'ana pansi, chifukwa batani la apilo lilipodi mu Mastodon, koma apiloyo imabweranso kwa ine ndemwe. Iwo anaseka n'kunena kuti ngakhale a gulupu saweruza okha, amakhala ndi nduna pambali, mutu umodzi susenza denga. Anamwa tiyi wanga, anadya mandasi anga awiri, n'kupita.

Zinandiwawa koma ananena zoona. Sabata yomweyo tinasankha oweruza atatu, mayi mmodzi mphunzitsi, mnyamata wa ku Bembeke ndi ine, tinagwirizana kuti mlandu wa wachibale wako suukhudza, ndipo malamulo tinawalembanso tonse m'Chichewa chomveka, asanu okha. Pulogalamuyi imalola kupatsa munthu udindo woweruza popanda kumupatsa makiyi a seva yonse, apo anaganiza bwino. Makiyi enieniwo ndinapatsako munthu mmodzi, chifukwa pali pangano lija la Mastodon Server Covenant limene limati pakhale wina woti atha kulowa mwini wake atachita ngozi, backup tsiku lililonse, ndi kuchenjeza anthu miyezi itatu usanatseke seva. Ife sitinalembetse nawo koma ndinakopera mfundozo, ndimakwera njinga yamoto pa M1 ine.

Chinthu chimodzi ndimawauza anthu anga mobwerezabwereza: mauthenga achinsinsi a pa Mastodon si obisika ngati a WhatsApp, mwini seva atafuna atha kuwawerenga mu database. Ine sindiwerenga, koma m'tauni yaing'ono ngati ino, yomwe wina akatsokomola ku dipoti a ku chipatala amva, kungodziwa kuti ndingathe kumandilemera. Za zibwenzi zanu pitani nazo kwina chonde.

Ndiye kodi ndingalimbikitse? Ngati muli gulu lodziwana, muli ndi munthu wa Linux wosatopa, njira yolipirira kunja, ndi anthu awiri atatu olemekezeka oti aziweruza, yesani, pulogalamuyo ndiipatsa 4 pa 5. Ngati muli nokha ndipo mukungofuna kulawa, tsegulani kaye akaunti pa seva ya ena, mukadzafuna kusamuka okutsatirani amasamuka nanu ngakhale zolemba zakale zimatsala. Ine pano ndikuyesa pambali pulogalamu ina yonga Mastodon yotchedwa GoToSocial, ndi yopepuka kwambiri ndipo imalankhula ActivityPub yomweyo, mwina bilu ingatsike, ndidzakuuzani ikatha miyezi ingapo.

Msuweni uja anabwerera, ndi amene amalemba mitengo ya ku Lizulu Lachitatu lililonse, koma ya sonkhesonkhe sanaperekebe. Atsibweni nawo anandiuza ndiwatsegulire akaunti, sanalembepo kanthu chilowereni, amangowerenga, kenako Loweruka amabwera pa shopu kudzandiuza milandu imene taweruza molakwika.