Trigger yolimba ndi yokhakhala pa pisitoli zakale za asilikali: kutsuka, kupukuta, sipuling'i kapena mmisiri?

Aliyense amene wagwirapo pisitoli zakale zomwe asilikali anasiya, kaya Makarov, TT-33, P-64 ya ku Poland kapena PA-63 ya ku Hungary, akudziwa dandaulo lake, trigger (kachitsulo komwe umakoka ndi chala kuti mfuti iwombe) ndi yolimba komanso ukamakoka imamveka ngati muli mchenga mkatimo. Koma abale awa ndi matenda awiri osiyana. Kukhakhala kumachokera ku zinyalala ndi mikwingwirima yomwe makina a ku fakitale anasiya pa zitsulo, pomwe kulimba kwenikweni kumachokera ku sipuling'i ya hamala, kachitsulo komwe kamamenya kuti chipolopolo chiphulike. Mukasokoneza ziwirizi mugula chinthu chosafunika.

Kutsuka ndiye njira yotchipa ndipo ambiri amaidumpha. Mfuti zimenezi zinkasungidwa zitapakidwa girisi wotchedwa cosmoline kuti zisachite dzimbiri, ndiye patapita zaka zambirimbiri girisi uja amauma n'kukhala phala lolimba m'makona momwe trigger bar (kachitsulo kolumikiza trigger ndi zogwira hamala) imadutsa. Onetsetsani kaye kuti mulibe chipolopolo, masulani, tsukani ndi kaburashi mpaka chitsulo chioneke, kenako kadontho ka oyilo pokhudzana zitsulo basi. Kulimba sikusintha kwenikweni, koma kukhakhala kwambiri kumathera pomwepa. Mukawonjeza kuwombera kopanda chipolopolo ndi ma snap cap (zipolopolo zoyerekezera zosaphulika), zitsulo zimasalalitsana zokha pang'onopang'ono, kungoti zimafuna kudekha.

Kupukuta kumaposa kutsuka ngati mikwingwirima ili yozama, ndipo apa ndi pomwe anthu amawonongera mfuti zawo. Yang'anani malo omwe utoto wakuda wa chitsulo wafufutika n'kumawala, pamenepo ndi pomwe pakukhulana, m'mbali mwa trigger bar, pa ma pini, m'mbali mwa hamala. Kansalu ndi mankhwala opukutira zitsulo zakwana, cholinga n'kusalalitsa osati kuchotsa chitsulo. Tupa ayi, makina ozungulira aja a Dremel ayinso. Pa pisitoli ya Browning Hi-Power kukhakhala kwambiri kumachokera ku kachitsulo komwe kamaletsa mfuti kuwomba magazini ikachotsedwa, chifukwa kamakhula kutsogolo kwa magazini nthawi iliyonse mukakoka. Ena amangokachotsa, ine ndimati pukutani kachitsuloko ndi pa magazini pomwe kamakhudza, chifukwa kuchotsa chotetezera pa mfuti si nkhani yaing'ono.

Sipuling'i yofewerapo ndiye imene imachepetsa kwambiri kulimba. P-64 ndi yotchuka pa nkhaniyi, kukoka koyamba hamala ili pansi kumapitirira makilogalamu 10 moti chala chimanjenjemera chipolopolo n'kupita kwina, ndipo ma sipuling'i a kampani ya Wolff amasinthadi zinthu. Ubwino wake n'ngoti mukapanda kukhutira mumangobwezeramo yakale. Koma pali mtengo wake. Asilikali sanaike sipuling'i yolimba mwangozi, zipolopolo zawo zili ndi primer (kabatani kakumbuyo kwa chipolopolo komwe kamayatsa wonga) yolimba ndiye hamala imayenera kumenya ndi mphamvu, mukafewetsa kwambiri mudzamva kuti tcha koma osaphulika. Tsikani sitepe imodzi yokha, yesani ndi zipolopolo zomwe mumagwiritsa ntchito. Ndipo chonde musadule sipuling'i yomwe inabwera ndi mfutiyo. Pa Makarov nkhani ndi ina, sipuling'i yake ndi kachitsulo kamodzi kafulati komwe kamakankha hamala, kamagwira ntchito pa trigger ndiponso kumunsi kwake ndi komwe kumagwira magazini, ndiye mukaipinda mwakhudza zonsezo nthawi imodzi. Mwamwayi Makarov ikatsukidwa bwino nthawi zambiri trigger yake imakhala yabwino kale.

Mmisiri wa mfuti ndi wodula, mwina kufika pafupi ndi mtengo wa pisitoliyo, koma pa sear (kachitsulo komwe kamagwira hamala mpaka mutakoka trigger) ndi mano a hamala palibe njira ina. Kupendekeka kwa malo amenewo ndi komwe kumagwira hamala kuti isagwe yokha, ndipo pa zitsulo zina kulimba kwake kuli pamwamba pokha, mukanola n'kudutsa pamenepo chitsulo chofewa chamkati chimadyeka msanga, mfuti n'kuyamba kuwomba itangogundidwa.

Ine ndikadasanja chonchi, tsukani, pukutani pokhulana, mukaona kuti ikadali yolimba sinthani sipuling'i, sear musiyireni mmisiri. Njira iliyonse yomwe mwasankha, yesani mfuti ili yopanda chipolopolo. Kokani hamala kumbuyo n'kuikankha ndi chala chachikulu, isagwe. Kokani slide (chitsulo chapamwamba chomwe chimayenda kumbuyo ndi kutsogolo) n'kuisiya ibwerere kutsogolo, hamala isatsatire. Onaninso kuti safety, chotetezera choletsa mfuti kuwomba mwangozi, ikugwira. Pokayesa koyamba ikani zipolopolo ziwiri zokha m'magazini, kuti ngati china chalakwika muchidziwe pa ziwirizo.