Ndalama za paulendo: zomwe ATM imadya pa thukuta la dalaivala wa thiraki

Anzanga oyendetsa mathiraki kunja kuno, munthu wogwira ntchito m'tauni akafuna ndalama amangoyenda pang'ono n'kupeza ATM ya banki yake. Ife zimenezo sizitheka. Thiraki yokoka ngolo siima paliponse, ndipo katundu wa eni simungamusiye yekha kuti mukasake banki pakati pa mzinda. Timatapa pomwe taima: pamalo ogona mathiraki, pa siteshoni ya mafuta, pa boda. Ambiri mwa makina a m'malo amenewa si a banki, ndi a makampani apadera omwe phindu lawo lili pa ndalama yomwe amadula munthu akatapa. Amadziwa kuti tilibe kolowera kwina.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ambirife timangoona ndalama imodzi yomwe makina alemba pagalasi, n'kumaganiza kuti yathera pomwepo. Ayi ndithu. Mwini makina amadula yake. Banki yanu nayo imadula yake chifukwa mwatapa pa makina omwe si ake. Mukakhala kuti mwawoloka malire, pamabweranso ya kugwiritsa ntchito khadi kunja, yomwe mabanki ambiri amaiika pakati pa 1 ndi 3 peresenti. Pamwamba pa zonsezo pali mtengo wosinthira ndalama, womwe suoneka pa lisiti ngati chinthu chodulidwa koma ndi womwe nthawi zambiri umaluma kwambiri. Mabanki ena amadula ngakhale pongofunsa kuti mwatsala ndi zingati, ena amadulanso makina akakana kukupatsani ndalama chifukwa mu akaunti mulibe zokwanira. Choncho onani zotsala pafoni musanatsike m'galimoto.

Pa nkhani yosintha ndalamayi ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ndaona anzathu ambiri akugwa. Mwalowetsa khadi m'dziko la eni, mwalemba nambala yachinsinsi, mwasankha ndalama. Kenako makina akufunsani mwaulemu: kodi tikuwerengereni m'ndalama ya dziko la khadi lanu, kapena m'ndalama ya kuno? Batani lovomera limakhala lalikulu, lowala, ndipo akuonetsani chiwerengero m'ndalama yomwe mwaizolowera. Munthu wotopa, maso ali psuu ndi tulo, kumbuyo kuli mzere, amangodina kuvomera. Mukatero mwapatsa mwini makina mphamvu yoika mtengo wake wosinthira, ndipo kawirikawiri umakhala woipa kuposa womwe Visa kapena Mastercard akanakuwerengerani. Dzina lake ndi dynamic currency conversion, ndipo mudzaipezanso pa timakina ta m'sitolo tolipirira ndi khadi. Kanani. Sankhani ndalama ya dziko lomwe mwaimamo, kusinthako kuchitike kudzera ku banki yanu. Makina ena amafunsa kawiri, kachiwiriko ngati akukuchenjezani kuti mukulakwitsa. Kananinso.

Kutapa pang'onopang'ono nako kumatha ndalama mosadziwika. Tingoyerekeza: mwini makina adule madola 3, banki yanu idule 2. Mukatapa 50 mwataya 10 peresenti. Mukatapa 250 kamodzi mwataya 2 peresenti yokha. Ndikudziwa chifukwa chomwe timatapira pang'ono, timaopa akuba, ndipo manthawo ndi oona kwa munthu wogona m'kabini m'mbali mwa msewu. Ine ndimatapa zokwanira masiku angapo, n'kuzigawa pawiri: zochepa m'thumba, zina pobisika m'galimoto. Chilichonse chotheka kulipira ndi khadi ndimalipira ndi khadi, ndipo m'masitolo akuluakulu omwe amalola kutenga ndalama pa kauntala pogula zinthu, ndimatengera pomwepo chifukwa nthawi zambiri zimatchipa kuposa ATM. Khadi la ngongole lokha musamatapire. Chiwongoladzanja chake chimayamba tsiku lomwelo, palibe masiku opumira ngati pogula zinthu.

Tsopano za kutumiza kumudzi, chifukwa ambirife tinabwera kuno chifukwa cha anthu omwe tinawasiya. Njira yodula kuposa zonse ndi yomwe dalaivala amaichita pothamanga: kutapa pa ATM ya pa siteshoni, kunyamula ndalamazo kupita nazo kwa ejenti, n'kulipiranso potumiza. Mwalipira kawiri pa ndalama imodzi. Ngati malipiro anu amalowa mu akaunti, tumizani kuchokera mu akauntimo pafoni, ndalama isafike m'manja n'komwe.

Western Union ndi MoneyGram ubwino wawo ndi wakuti ali pafupifupi paliponse. Western Union ili m'mayiko ndi zigawo zoposa 200, ndipo wolandira amangofunika chiphaso ndi nambala ya manambala 10 yomwe amaitcha MTCN. Kwa dalaivala ubwino wina ndi uwu: khadi likamezedwa ndi makina kapena likatayika muli m'dziko lachilendo, bwana kapena mbale angakutumizireni inuyo n'kukatenga ndi pasipoti. Pa ngozi yotero ndimawayamikira. Pa kutumiza kwa mwezi ndi mwezi, yerekezani kaye ndi ena, ndipo onetsetsani kuti dzina la wolandira mwalilemba ndendende monga lilili pa chiphaso chake, chifukwa chilembo chimodzi chingabweze mayi anu opanda kanthu atayenda mtunda wautali.

Mukuru, yomwe inayamba mu 2004, ndi yodziwika kwa ogwira ntchito kumwera kwa Africa. Mumayamba oda pafoni, ngakhale pa WhatsApp, n'kukalipira pa kauntala ya sitolo yomwe amagwira nayo ntchito. Kwa amene amalandira malipiro pamanja, njira imeneyi ndi yothandiza kwambiri. WorldRemit, yomwe inayambira ku London mu 2010, mumatumiza pa intaneti pokha, ndipo m'mayiko ambiri ndalama ingagwere m'foni ya wolandira. Izi ndimazikonda chifukwa mungatumize muli pamzere wa pa boda, injini itazima. Wise, yomwe kale inkatchedwa TransferWise, imasintha pa mtengo weniweni wa pamsika n'kukuonetsani poyera zomwe yadula, ndipo kwa amene amayenda m'mayiko a ndalama zosiyanasiyana khadi lawo limathandiza. Koma khadilo silipezeka m'dziko lililonse, satumiza ku dziko lililonse, ndipo kutapa kwaulere kuli ndi malire pamwezi.

Pa onsewa muyeso wanga ndi umodzi. Sindiyang'ana mawu oti kutumiza n'kwaulere. Ndimalemba ndalama yofanana m'makampani awiri kapena atatu tsiku lomwelo, n'kuona kuti wolandira agwira zingati m'manja, kuphatikizapo zomwe adzadulidwe iye potapa kwa ejenti. Kampani yomwe inali bwino mwezi watha ingakhale yachitatu mwezi uno. Banki Yaikulu Padziko Lonse imati kutumiza madola 200 kumadya pafupifupi 6 peresenti tikatengera dziko lonse lapansi, ndipo kutumiza ku mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiye kodula kuposa kwina konse, pafupifupi 8 peresenti. Mayiko a mu United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 zitsike pansi pa 3 peresenti. Tikadali kutali, ndipo amene akulipira kusiyanako ndi anthu ngati ife.

Pali china chomwe sitikambirana mokwanira ndi mabwana athu. Ndalama yolipirira msewu, malo oimika galimoto, kumatitsa tayala, zonsezi ndi za kampani. Nanga n'chifukwa chiyani zomwe ATM yadula potapa ndalama zimenezo zizichoka m'thumba mwa dalaivala? Bwana wina yemwe ndinamugwirirapo ntchito ankaponya ndalama za ulendo mu akaunti yanga, koma pobweza ankawerenga malisiti a msewu okha, a ATM ankawakankhira pambali. Pakutha pa chaka imeneyo ndi fizi ya mwana. Funsani musanasaine: kodi pali khadi la kampani la mafuta ndi msewu, monga DKV kapena UTA ku Ulaya, Comdata kapena EFS ku America? Ngati palibe, zodulidwa potapa abweza ndani? Zilembedwe papepala.

Musananyamuke, dziwitsani banki yanu mayiko omwe mudutse kuti asatseke khadi poganiza kuti labedwa, ndipo dziwani malire a zomwe mungatape patsiku. Yendani ndi makhadi awiri a mabanki osiyana, osawasunga malo amodzi. Pa makina a pamalo amdima gwedezani kaye polowetsa khadi. Pakagwedera, chokanipo, chifukwa akuba amamatapo kachipangizo kokopera khadi. Phimbani dzanja polemba nambala, ndipo munthu wodzipereka kukuthandizani pa ATM mukaneni ngakhale aoneke waulemu chotani. Makina akadula mu akaunti koma osatulutsa ndalama, jambulani galasilo ndi nambala ya makinawo, sungani lisiti, lembani nthawi, ndipo imbirani banki yanu tsiku lomwelo. Dandaulo limayambira ku banki yomwe inakupatsani khadi, osati kwa mnyamata wothira mafuta pa siteshoni.