Kumene timadyera lanchi Lachisanu, kuseri kwa Ginnery Corner

Amayi anzanga akhala akundivutitsa kuti kodi malo aja mumajambulitsa mutazungulira mbale za nsima Lachisanu lililonse ndi kuti, ndiye lero ndati ndingolemba basi. Ndi kamalo kakang'ono kuseri kwa Ginnery Corner ku Blantyre, kalibe ngakhale chikwangwani, anthu amangoti kwa amayi aja a nkhuku ya lokolo. Matebulo alipo ochepa, ena mkati ena panja, ife lathu ndi la pakona pansi pa mtengo wa mango, mwendo wake umodzi anachita kuchirikiza ndi njerwa koma sitisinthana ndi lina.

Tilipo asanu ndipo tinayamba mu 2021 corona atayamba kuzizira, tinadziwana pa chipereganyu. Pali anesi athu a ku Queens omwe amabwera ndi yunifomu maso ali pa wotchi, asisi a kubanki, make mapasa amene amagulitsa kaunjika ku Limbe, kamng'ono kathu kaphunzitsi, ndi ine.

Za chakudya kaye. Ife sitiyitanitsa aliyense mbale yakeyake ngati tili pa ndege, timauza mtsikana kuti ndiwo zonse abweretse pakati, nsima yokha ndiye aliyense mitanda yake, ndipo amakufunsa kuti woyera kapena mgaiwa, zomwe malo ambiri m'tauni muno sakufunsa. Nkhuku yawo ndi ya lokolo yeniyeni, yolimba yofuna mano, msuzi wake ndi tomato, anyezi ndi mchere basi osati zija zothira zokometsera mpaka sudziwa kuti ukudya chani. Koma chimene chimandibwezera ine kumeneko ndi nkhwani wotendera. Abale inu, nsinjiro saumira, amathira ngati akuphikira ana awo, ndipo masamba amasadzula bwinobwino sumva timinga pakhosi. Anesi athu amati amabwerera therere, asisi a kubanki amangoti atsatira mpunga, mwini malo amalumbira kuti ndi wa Kilombero wochokera ku Karonga ndipo fungo lake ukangovundukula silinama. Chambo ndiye ndisakunamizeni, nthawi zina chimakhala chaching'ono ndipo amachikazinga mpaka kuuma, ine ndimangosankha usipa. Tsabola wa kambuzi amaika mu kabotolo, samalani naye, kamng'ono kathu kanalira misozi tsiku loyamba kenako nkumati ndi chimfine kkkk.

Mtsikana amabwera ndi jagi ndi beseni kutisambitsa m'manja, amayambira wamkulu, ndiye nkhondo imayambira pomwepo chifukwa palibe amene amafuna kuvomera kuti ndi wamkulu.

Tsono chifukwa chenicheni chimene ndikuwapatsira mamakisi amayiwa si nkhuku ayi. Ndi chakuti satithamangitsa. Mukudziwa malo ena ukangomeza mbamu yomaliza weita wafika kale ndi bilu akupukuta tebulo m'zigongono mwako, kuno ayi, mbale zimatha kuuma tili pompo tikukamba za fizi, za apongozi, za abwana, za BP ya uyu ndi mwana wa uje amene wayamba kubwera usiku. Mzimayi kunyumba amadya womaliza, mwana ali pamsana kwinaku akuyang'ana ngati ndiwo zakwanira onse, mwina ndi ola limodzi lokhali pa sabata limene wina amatiphikira ife nkutitsukira mbale. Pali nkhani zina sungazilembe pa gulu la WhatsApp, zimatuluka zokha pamene dzanja lili mu mbale imodzi ndi mnzako. Anesi anachita kukalipira asisi a kubanki pa tebulo lomweli mpaka anapita kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, zaka zonsezi amangoti mawa mawa.

Ndiye pali za March 2023 zija. Make mapasa ankachita lendi ku Chilobwe pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, iwo ndi ana anapulumuka koma katundu yense ndi belo limene anali atangopikula zinapita. Masabata awiri mpando wawo unali wopanda munthu, ife timakawaona komwe anathawira. Lachisanu lachitatu anabwera atavala chitenje chobwereka, anangokhala phee osayitanitsa kanthu. Mwini malo sanafunse zambiri, anangobwera ndi nsima ndi ntchafu ya nkhuku nkuti idyani achemwali, za ndalama tidzakamba chaka china. Tonse pakhosi panatseka. Tsiku lomwelo tinagwirizana kuti chipereganyu cha miyezi itatu chipite kwa iwo, amene inali nthawi yawo yolandira anangoti ine ndidikira, ndipo ndi ndalama imeneyo anayambiranso geni. Pano ndi amene amaseka mokweza kuposa tonse moti a tebulo lina amacheuka.

Zodandaula zilipo ndithu, ndisakometse. Ukafika 1 koloko yakwana udikira, mbaula ndi ziwiri zokha ndipo nsima ikatha amayamba kutereka madzi iwe uli pompo, anesi kangapo konse anyamula chakudya mu kontena kukadyera kuntchito. Tchenji sichipezeka, bola kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba koma akuuzani kuti muonjezere yotapira. Kuchimbudzi ndi koyera koma chitseko chake umachita kugwira ndi phazi. Nthawi ya mango ntchentche zimatipeza pansi pa mtengo paja, ndipo mnyamata wina amakweza wailesi ngati tonse ndife ogontha, ukamuuza amatsitsa mphindi ziwiri basi.

Mitengo yakwera ngati kwina kulikonse, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 yasintha kangapo moti sindilemba pano mungadzanditukwane, ndipo chidutswa cha nkhuku chinachepako, ife tinaona ngakhale sananene. Komabe tikasonkha asanu zimatsika kusiyana ndi chipisi ndi chikeni cha m'tauni, ndipo umakhuta mpaka madzulo. Thobwa lawo ndi la mawere, lozizira, botolo limodzi timagawana awiri.

Pa 10 ndikuwapatsa 8, awiriwo ndachotsera chitseko chija ndi wailesi. Mukafuna kupita tengani mnzanu kapena awiri, nokha mudzangodya nkunyamuka osamva kukoma kwake, ndipo fikani isanakwane hafu pasiti 12 chifukwa nkhwani umatha msanga. Koma tebulo la pansi pa mango Lachisanu musaliyandikire chonde, lili ndi eni ake.