Multi-tool yotchipa ndaigwiritsa ntchito miyezi itatu, koma mnyamata wa pashopu uja sindinamukhululukirebe

Ndimafuna kulemba izi kalekale koma ndimadikira kuti mtima ukhale kaye pansi, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija bwenzi mukungowerenga mawu oyipa okhaokha. Ine ndi kalipentala muno mu Lilongwe, ntchito zanga zambiri ndi zokonza nyumba zakale, zitseko, makabati a kukhitchini, siling'i, zoterozo. Multi-tool, makina amagetsi ogwira m'manja odulira, kupalira ndi kukwechera, ndinali ndisanakhalepo nayo, ndinkangoiona m'mavidiyo a pafoni anthu akudula nayo felemu ngati akudula papaya wakupsa.

Ntchito yomwe inandikankha kuti ndigule inali ya ku Area 18, nyumba zakale zija za simenti yofiira pansi, mayi eni ake amafuna aikemo matailosi nyumba yonse asanalowetse anthu a lendi atsopano. Wamatailosi anandiuziratu kuti iye safuna zomadula tailosi mokhotakhota kuzungulira felemu, ndimudulire mafelemu onse m'munsi kuti tailosi izingolowa pansi pake. Mafelemu 9, onse a matabwa, ena a mbawa weniweni wakalekale uja simungamupezenso mwachisawawa masiku ano. Amene munadulapo felemu m'munsi ndi sowo yapamanja mukudziwa mmene zimawawira, wagwada, sowo waigoneka pansi, zala zikukhula pa simenti, pakona sowo siifika nde umalizitse ndi tchizulo uku ukupemphera kuti thabwa lisang'aluke.

Nde ndinalowa mu hardware ina m'tauni, dzina sinditchula. Mitengo mukuidziwa amene mumazungulira mashopu amenewa, ya Makita inali kutali ndi thumba langa tsiku limenelo, ndinaloza yotchipa ya nthambo, yobwera mukatoni ndi bledi imodzi ya mano, chopalira chimodzi, kapadi ka sandipepa ka makona atatu ndi allen key, kasipanala komangira bawuti yogwira bledi. Ndinamufunsa mnyamata wogulitsayo kuti kodi bledi iyi ikakumana ndi msomali zimatha bwanji. Iye osaganiza nkomwe, akuti bigi iyi imadula chilichonse, thabwa, msomali, paipi, bledi yake ndi yomweyi. Ndinafunsanso kachiwiri chifukwa nyumba zakale ndimazidziwa, mumakhala misomali yobisika paliponse, iye nkubwereza zomwezo akuseweretsa foni. Ndinalipira.

Mafelemu awiri oyamba abale ndinasangalala ngati mwana. Ndinatenga chidutswa cha tailosi, pansi pake nkuika katoni kuti kaimirire simenti yomatira ija, nkugoneka bledi pamwamba pa tailosiyo, makina nkuyatsa. Phokoso lokha ndi lalikulu, limalowa mpaka m'mano, koma bledi imangolowa m'thabwa pang'onopang'ono molunjika bwinobwino, pakona pomwe sowo imandilizitsa paja inangolowa ngati palibe kanthu. Kachidutswa ka felemu nkukachotsa ndi sikuludiraiva, tailosi nkulowa pansi thwee, osasiya mpata olo woloweka chikhadabo. Wamatailosi anasiya zomwe amachita kubwera kudzaonerera. Ntchito yomwe imanditengera theka la ola pafelemu imodzi inatha madzi a tiyi asanawire.

Felemu yachitatu inali ya chitseko cha kuchipinda chachikulu, ya mbawa, ndipo mayi eni nyumba anali atangofika kudzaona mmene zikuyendera, ataima kumbuyo kwangaku ndi chikwama chawo m'manja. Ndalowa mwina theka la thabwa kulira kwa makina kunasintha, kuchoka kuja kwa nyuuu kukhala kwa chitsulo pa chitsulo, ndinadziwa kuti ndi msomali. Koma poti ndinauzidwa kuti imadula, ndinakanikiza. Utsi unayamba kutuluka mumng'alu muja, fungo la thabwa lopserera nyumba yonse, makina akutentha m'manja, ine ndikukanikizabe kuti mwina utha pompano. Kenako bawuti yogwira bledi ija inakhwefuka ndi kunjenjemera kuja, bledi inapendekeka nkudumpha kutuluka mumng'alu, nkukwera pankhope pa felemu kukumba mzere wautali ngati chala changa chapakatichi, pamalo poonekera penipeni pomwe munthu akamalowa m'chipinda maso amayamba kugwera. Ndinazimitsa. Bledi nditaiyang'ana mano onse apakati anali atatha, yasalala ngati supuni, yachita kuda ndi moto, msomali uli pomwepo wangong'alikako pang'ono.

Mayi aja sanakalipe, bola akanakalipa. Anangowerama nkupapasa mzere uja ndi chala, nkunena kuti bambo, felemu iyi anaika ndi malemu amuna anga. Basi. Ine mawu anandithera, zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, wamatailosi naye anangozemba kutuluka panja. Tsiku lonse linathera pomwepo chifukwa bledi inali imodzi yomweyo, mafelemu 6 akudikira, wamatailosi akudikira ine, anyamata ake awiri akhala pakhonde ndalama ya tsiku ikuwerengedwa.

Mmawa mwake ndinalawirira kushopu kuja ndi katoni yonse, risiti m'thumba. Mnyamata yemwe uja anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Ndamuonetsa bledi, akuti madala mwadula chitsulo inu, iyi ndi ya matabwa. Ndinamukumbutsa mawu ake omwe, kuti dzulo lomweli pamalo pomwe pano munati imadula msomali, ndinakufunsani kawiri. Anakana, maso ali gwa, akuti iye sanganene zimenezo. Nde anayamba zoti katundu wamagetsi akatuluka sabwerera, akuloza kapepala komatidwa pakhoma kuseri kwa kauntala komwe dzulo lake sanandionetse. Ine sindimafuna nkomwe kubweza makina, ndimangofuna avomere kuti anandinamiza ndipo andipatse bledi yoyenera, olo ndiwonjezere ndalama pang'ono. Ndinapempha kuonana ndi abwana ake, akuti atuluka, chonsecho ndikuwaona pagalasi la kaofesi kawo akumwa tiyi. Bledi yodula misomali analibe nkomwe mushopumo, ndipo ndikukhulupirira kuti mnyamatayo sadziwa kuti mabledi amasiyana, amangofuna katundu achoke pashelefu. Chinandipweteka kwambiri ndi chimenecho, munthu ukugulitsa zida zoti anthu akadyere, mawu ako amodzi akhoza kumuonongera mnzako dzina kwa kasitomala, iwe uli pa foni.

Ndinatuluka ndikunjenjemera ndi mkwiyo, m'mutu ndatsimikiza kuti makinawa ndi zinyalala ndikawagulitsa kwa aliyense. Ndinaimbira achimwene ena omwe tinaphunzira limodzi ntchito, iwo ali ndi Makita ya nthambo, TM3010C, kuti andibwereke ndimalize mafelemu. Anabwera nayo okha ku Area 18 masana, ndipo chomwe anayamba ndi kutola bledi yanga yopsa ija nkuipukuta ndi chala, akuti tawerenga apa. Panalembedwa HCS, tizilembo tating'onoting'ono. Anandifotokozera kuti imeneyo ndi ya thabwa, pulasitiki ndi zofewa basi, yodula thabwa la misomali imalembedwa BIM kapena bi-metal, ndipo pazitsulo zolimba ngati masikuluu pamafunika ya mano a carbide. Chachiwiri akuti makina awa sakanikizidwa, bledi siizungulira ngati ya gulayinda, imangogwedezeka uku ndi uku pang'ono kwambiri, ya Makita yawoyo madigiri 3.2 okha koma kuyambira ka 6,000 mpaka ka 20,000 pa mphindi, nde ukakanikiza utuchi umasowa potulukira, mano amatentha nkufa. Umayenera kumaiyendetsa pang'ono kumanzere kumanja kuti mano onse agwire ntchito, osangoti apakati okha.

Kenako anachita chinthu chomwe chinandisintha maganizo. Anatenga bledi yawo ya bi-metal nkuimanga pa makina anga otchipa aja, inakwana bwinobwino, anamanga bawuti ndi allen key mwamphamvu, nkundipatsa kuti bwerera pamsomali pako paja. Sipidi anaitsitsa pang'ono pakagudumu kakumbuyo kaja. Ndinangoigwira osakanikiza, inalira kwa kanthawi, msomali uja nkuduka. Makina omwe ndimawatukwana usiku wonse.

Tinagawana mafelemu otsalawo, atatu ine ndi yanga atatu ndi Makita, nkumasinthana kuti ndimve kusiyana, ndipo kusiyana kulipo sindinama. Makita m'manja imakhala phee, kunjenjemera kwake nkochepa, ukaipatsa thabwa lolimba liwiro silitsika, ndipo kusintha bledi ungotukula kachitsulo kapamwamba, allen key osafunika. Yanga ikafika pa mbawa imamveka kuti ikulemedwa, ukadula mafelemu awiri motsatizana zala zimachita dzanzi ngati wagonera mkono, kumutu kwake kumatentha moti umayenera kuipumitsa, ndipo bawuti ija ndimaiyang'ana pafupipafupi chifukwa sindikuikhulupiriranso. Koma mzere womwe imadula ndi womwewo, tailosi inalowa chimodzimodzi pansi pa mafelemu onse, munthu sangaloze kuti iyi inadulidwa ndi makina odula iyi ndi otchipa.

Achimwene aja ndi omwe anandiuzanso kuti makina amtunduwu anachokera kuchipatala, kampani ya ku Germany ya Fein inapanga mu 1967 sowo yogwedezeka yodulira chikhakha, chifukwa bledi yogwedezeka pang'ono chonchi imadula cholimba koma khungu limangogwedezeka nayo limodzi. Amene munathyokapo mkono mukukumbuka kamakina kaphokoso kaja pochotsa chikhakha, ndi mtundu womwewo. Izi sizikutanthauza kuti muziika chala, bledi ya matabwa mano ake ndi akuthwa, imacheka ndithu.

Kuchokera nthawi imeneyo ndagwirako zina ziwiri. Mnyamata wina yemwe anabwera kuchokera ku Joni ali ndi DeWalt ya batire ya 18V, tinagwira limodzi siling'i ku Area 25 magetsi atathima tsiku lonse, ine yanga ili m'chikwama ngati mwala iye akuboola mabowo a magetsi pa siling'i bodi ali pamakwerero opanda nthambo yomukola miyendo. Bledi amasintha pongofinya kachogwirira, ndinasirira kwambiri, kungoti batire ndi chaja mtengo wake ndi nkhani ina, zimamveka ngati uli kale ndi drill ya kampani yomweyo kuti uzisinthanitsa mabatire. Ina inali Bosch ya Starlock, kamangidwe ka bledi komwe Bosch ndi Fein anatulutsa mu 2016, bledi imagwira nganganga osasewera olo pang'ono, mphamvu yonse imafika kumano. Chofunika kudziwa musanagule ndi choti makina a Starlock amalandira mabledi a Starlock okhaokha, nde yambani mwafufuza komwe muzikawagula, chifukwa multi-tool ndalama zambiri zimathera kumabledi osati kumakina.

Yangayi miyezi itatu tsopano sinafe. Ndinapeza mabledi a bi-metal kushopu ina komwe bambo wachikulire anachita kundifunsa kaye kuti mukukadula chiyani asananditolere. Ndadulira sikating'i, thabwa loyenda m'munsi mwa khoma lija, ili pakhoma osaichotsa kuti kabati ilowe, ndaboola kumbuyo kwa makabati a kukhitchini podutsa mapaipi, ndapalira guluu wa kapeti yakale ndi chopalira chija, ndipo sandipepa ya makona atatu imafika m'makona a mawindo momwe dzanja silifika. Kudula thabwa lalitali molunjika musayese, si ntchito yake, tengani sowo yanu. M'makutu muziikamo kanthu, tsiku lina ndinagona makutu akulira.

Makinawo ndiwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, wa ntchito za apo ndi apo akhoza kugula, angotaya maganizo pa bledi ya mukatoni ndipo bawuti azimanga ndi mphamvu. Ine poti mafelemu ndi makabati ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku ndayamba kusunga ya Makita. Shopu ija ndiye olo nyenyezi imodzi ayi, sindinapondemonso, ngakhale misomali ndimalolera kuyenda mtunda kukagula kwina, ndipo anzanga onse a ntchito ndinawauza. Mzere wa pafelemu uja ndinautseka ndi utuchi wa mbawa yemweyo wosakaniza ndi guluu, kukwecha, kupaka vanishi kawiri, mlendo sangauone. Mayi aja anandilipira zonse osadula olo kwacha imodzi, koma tsiku lomaliza tikuyendera nyumba anaimanso pachitseko chija nkupapasa pomwe paja.