Ndemanga: opulumutsa nyama zakutchire amene anadzatenga pusi wathu ku Bembeke

Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndayamba ndaisunga, ndipo chifukwa chake ndichinena.

Pusiyu anabwera naye ndi alamu anga. Anamugula kwa anyamata m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Lizulu, ali kakhanda kokwana m'manja awiri. Tinamulera ndi mkaka wa m'botolo, ana anamutcha Mphatso, ndipo miyezi ya June ndi July ankagona m'katoni pafupi ndi mbaula chifukwa chisanu cha kuno mukuchidziwa. Atakula zinthu zinatembenuka. Anayamba kuvundukula mapoto, kuthyola mapichesi a eni ake, mapeto ake analuma mwana wanga wamkazi padzanja mpaka tinathamangira naye kuchipatala. Tsiku lomwelo tinamumanga lamba m'chiuno, chingwe n'kuchikulunga pamtengo kuseri kwa khitchini. Anakhala pamenepo pafupifupi zaka ziwiri.

Mpaka lero pamalopo sipamera udzu. Pali kanjira kamene anakapondaponda yekha, kuchoka patsinde kukafika pothera chingwe, n'kubwereranso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo ankakhala pansi, kudzikumbatira ndi manja ake omwe, n'kumangogwedezeka. Ubweya wa pantchafu anadzisosola wonse. Ife tinkati wapenga.

Nambala ya gululi ndinapatsidwa ndi mphunzitsi mnzanga. Masiku awiri oyamba foni inkangoitana popanda woyankha, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa ulesi. Tsiku lachitatu anayankha mayi wina, dokotala wa zinyama. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anangondiuza mosabisa kuti lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola munthu kusunga nyama yakutchire pakhomo popanda chilolezo, ndipo kuti ndachita bwino kuimba ndekha. Kenako anati malo olandirirapo nyama zatsopano ndi odzaza, tidikire milungu itatu.

Milungu itatu imeneyi ndi imene yandilembetsa ndemangayi. Sanatisiye manja ali m'khosi. Usiku womwewo anatumiza malangizo pa WhatsApp, ndipo palibe chimene chinafuna ndalama. Choyamba anati tileke kumupatsa chakudya m'mbale. Pusi kutchire amatha gawo lalikulu la tsiku akufunafuna chakudya, ndiye ukamuikira zonse pamodzi amamaliza m'kanthawi kochepa, tsiku lonse n'kusowa chochita. Anati timwaze chimanga ndi mtedza m'masamba ouma, tizimubweretsera nthambi zaziwisi za masamba ake, komanso timukhomere kathabwa m'mwamba mwa mtengo chifukwa nyamazi zimapeza mtendere zikakhala pamwamba. Tiyi wa shuga ndi mandasi, zomwe ana ankamugawira, anati zithe. Anatiuzanso kuti tisamamuyang'anitsitse m'maso, chifukwa kwa iye kumeneko n'kumuopseza, ndiponso kuti akaonetsa mano sikuti akuseka.

Chimene chinandigwira mtima ndi nsungwi. Bambo a kunyumba anadula kachidutswa, kuboola timabowo tinayi ndi msomali wamoto, kuthiramo mtedza wosenda n'kutseka kukamwa kwake ndi chitsononkho. Mphatso anaitola, anainunkhiza, anaigwedeza pafupi ndi khutu. Katedza kamodzi katagwa, anakayang'ana, n'kuyang'ananso nsungwi ija. Anayamba kuitembenuza pang'onopang'ono, akupisa chala m'bowo lililonse, mtedza akuusunga m'matumba a m'masaya mpaka nkhope kutupa. Ine ndinali ndi mbale zoti nditsuke koma ndinangoima. Aka kanali koyamba kumuona atakhala phee masana osayenda kanjira kaja.

Ndinafunsa dokotalayo kuti zimenezi anazidziwa bwanji. Anati zambiri zinadziwika kudzera mwa anyani a mtundu wa macaque, omwe kuno ku Malawi kulibe koma amasungidwa ochuluka m'malo ochitira kafukufuku kunja. Ndine mphunzitsi, ndiye ndinakawerenga ndekha pa intaneti. M'zaka za m'ma 1950, Harry Harlow wa ku yunivesite ya Wisconsin ku America ankalanda ana a rhesus macaque kwa amayi awo n'kuwapatsa zidole ziwiri: china cha waya chokhala ndi botolo la mkaka, china chokutidwa ndi nsalu yofewa. Tianato tinkapita kwa chawayacho pokayamwa pokha, nthawi yotsalayo tinkakakamira chansalucho. Amene anakulira okhaokha ankadzikumbatira, kugwedezeka ndi kudziluma. Nditawerenga pamenepa ndinazimitsa foni, chifukwa ndinkaona Mphatso kuseri kwa khitchini yanga. Sanapenge ayi. Anasowa amake ndi anzake omufunafuna nsabwe.

Ndinawerenganso za pachilumba cha Koshima ku Japan, komwe mu 1953 ofufuza anaona macaque wamng'ono wamkazi, yemwe anamutcha Imo, akutsuka mbatata m'madzi kuti achotse mchenga, ndipo patapita nthawi ena a m'gulu lake anatengera. Nyama zoterezi zimaphunzira poonera zinzake. Wathuyu ankaonera nkhuku ndi khoma. Mwa ma macaque onse, mtundu umodzi wokha ndiwo umapezeka mu Africa, wa Barbary, m'mapiri a Morocco ndi Algeria, ndipo nawonso ana awo amabedwa n'kugulitsidwa ngati ziweto, moti mu 2016 mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, anaika mtunduwu pagulu lotetezedwa koposa. Malonda ake ndi omwe aja a m'mbali mwa msewu.

Kunena zoona, nsungwi ndi nthambi sizinamuchize. Kuyenda kanjira kunachepa, koma kugwedezeka kwa madzulo sikunathe. Dokotalayo anali atandichenjeza kale kuti zoseweretsa zimangochepetsa vuto, chimene pusi amafuna kwenikweni ndi apusi anzake.

Tsiku lodzamutenga anafika awiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Panalibe kuthamangitsana kapena kumuponyera chiguduli monga ndinkaopera. Anapempha ana a m'mudzi amene anaunjikana kuti asunthire kutali, anamubaya jakisoni wogonetsa, n'kumugoneka pansalu. Atadula lamba uja tinaona chilonda chozungulira m'chiuno chimene ubweya unkabisa. Pusi anali atakula, lamba osakula. Dokotala anachitsuka, ndipo anangonena kuti, "Mayi, zimenezi timakumana nazo kawirikawiri, chipola." Sanaonjezere mawu ena, ndipo ndimawathokoza chifukwa cha zimenezo. Sanatilipiritse kalikonse. Anafotokoza kuti ayamba wakhala payekha kuti amuyeze chifuwa chachikulu ndi matenda ena, kenako azionana ndi anzake kudzera pa waya asanamuphatikize m'gulu. Zoti adzabwerera kutchire sanalonjeze, anati zidzatengera m'mene adzakhalire ndi anzakewo.

Tsopano za nyenyezi yachisanu. Mafoni osayankhidwa aja ndi vuto lenileni, chifukwa munthu amene pusi wamulumira mwana sadikira masiku atatu, ena amangotenga chibonga. Chachiwiri, anandilonjeza chithunzi akangomuphatikiza ndi anzake. Patha miyezi inayi, ndatumiza mauthenga awiri, ndipo yankho linali limodzi lokha lakuti akudya bwino ndipo chilonda chapola. Ndikudziwa kuti ntchito ndi yambiri ndipo anthu ndi ochepa, koma ife amene tinamulera ndi botolo tikufuna kudziwa ngati anapeza womufunafuna nsabwe. Mwana wanga yemwe analumidwa uja ndi amene amafunsa kwambiri. Nsungwi ija anaisunga pawindo la kuchipinda kwake, ndipo Loweruka lapitali wandiuza kuti nditumizenso uthenga wachitatu.