Matewera ochapa amabatani: chikuto n'chabwino, kansalu kam'kati ayi

Matewera amabatani amene akuoneka masiku ano m'magulu a amayi pa WhatsApp ndi m'mashopu ena a ku Area 2 mu Lilongwe ndawagwiritsa ntchito pa mwana wanga wachiwiri kuyambira ali wakhanda mpaka pano wayamba kuyenda. Chikuto chake chakunja n'choyenera ndalama zake. Koma kansalu koyamwa mkodzo komwe amagulitsira limodzi sikagwirizana ndi momwe timalerera ana kuno. Anga alibe dzina la kampani lodziwika, pakalebulo pangolembedwa kuti anapangidwa ku China, ndipo ndinagula kwa mayi wina amene amakaoda katundu wa ana ku Dar es Salaam.

Kwa amene simunawaone, thewera limodzi lili ndi mbali ziwiri. Kunja kuli nsalu yamaluwamaluwa yomatidwa kapulasitiki kopyapyala kosalola madzi kudutsa, komwe amati PUL. Mbali yokhudza thupi la mwana ili ndi nsalu yofewa, ndipo pakati pa ziwirizi pali thumba. M'thumbamo ndi momwe mumalowetsa kansalu kokhuthala ka microfibre. Kutsogolo kuli mizere ya mabatani apulasitiki, ina yochepetsera chiuno, ina yofupikitsira thewera, kuti lomwelo lizikula ndi mwana. Ogulitsa amati limakwana kuyambira tsiku lobadwa. Apa musawamvere kwenikweni. Pamwana wakhanda wa timiyendo towonda limasiya mpata m'ntchafu ngakhale mutamanga mabatani onse, ndipo wanga linayamba kumukhala bwino atadutsa makilogalamu 5 kusikelo.

Likayamba kukwana, ubwino wake umaoneka msanga. Amene tinalerapo ana ndi thewera lathaulo, pini ndi kakabudula kapulasitiki tikudziwa momwe kakabudula kaja kamaumira kakachapidwa kangapo, n'kuyamba kung'ambika ndi kudinda mizere yofiira m'ntchafu za mwana. Chikuto ichi sichitero. N'chofewa, lasitiki wake amagwira popanda kuluma, ndipo chimbudzi chamadzimadzi cha mwana woyamwa, chomwe m'mapampasi chimathawira kumsana mpaka pakhosi, muno chimaima palasitiki wakumbuyo. Ukachichapa n'kuyanika m'mawa dzuwa lili bwino, nthawi ya nsima yamasana isanakwane chauma. Komanso palibe pini. Abambo akunyumba, amene pamwana woyamba ankati akuopa kubaya mwana, chifukwa chimenecho chinawathera, ndipo tsopano amasintha okha.

Vuto ndi kansalu ka microfibre. Kamayamwa msanga, n'zoona, koma sikasunga. Kakafinyika kamalavula zonse ngati siponji. Mwina kumene anakapanga ana amakhala m'timangolo tokankha, koma wathu amaswera kumbuyo, chitenje chitamangidwa zolimba, matako atapanikizika pamsana pa mayi wake. Ukangoyenda naye kuchoka kunyumba kukafika pamsika, umamva kutentha kukutsika m'chiuno, ndiye kuti bulauzi yapita. Zinkachitikanso tikakhala wothithikana m'minibasi mwana ali pamiyendo. Thewera silinadzadze, langofinyika.

Kansaluka n'kosankhanso sopo. Sopo wamtanda, amene ambiri timachapira zovala za ana, amasiya utomoni m'timaulusi take, ndipo pakapita nthawi mkodzo umangoterereka pamwamba osalowa. Mankhwala ofewetsa zovala amachita chimodzimodzi. Vaseline, amene mayi aliyense amapaka mwana akamaliza kumusambitsa, amamata nsalu yofewa ija n'kuitseka. Kamafuna sopo waufa ndi kutsukuluza kambirimbiri, apo ayi kamayamba fungo la mkodzo wogonetsa lomwe limabuka mwana akangokodza kamodzi. Sikafunikanso kukhudza khungu la mwana mwachindunji chifukwa kamaliumitsa, ndipo zimenezi wogulitsa sanandiuze, ndinazimva kwa mayi mnzanga kusikelo.

Koma chimene chinandichititsa kukasiya ndi nkhani ya kusita. Tonse tinakula tikudziwa kuti chovala cha mwana chikachoka pachingwe chimayamba chadutsa pasimbi, makamaka nyengo ya mango ndi mvula. Si mwambo chabe. Pali ntchentche imene imaikira mazira padothi kapena pazovala zachinyezi, makamaka zonunkha mkodzo zomwe zayanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu n'kukulira momwemo, pamatuluka chotupa chonga chithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo. Tsono microfibre ndi ulusi wapulasitiki, ndipo PUL nayonso ndi pulasitiki. Zonsezi simbi yamakala imazisungunula. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Ntcheu anatenga kansalu kaja, n'kukatembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Inu amake mwana, nsalu yosasitika ingakhale bwanji ya mwana?" Mawa lake anabwera kuchokera kumsika ndi matewera athaulo oyera, akale aja.

Mmene ndikuchitira tsopano ndi motere. Thewera lathaulo ndimalipinda motalika n'kuligoneka m'chikuto, pamwamba osati m'thumba, kuti thonje ndilo likhudze mwana. Thonje limayamwa pang'onopang'ono koma silibweza ukabereka, limalola sopo aliyense, limapirira madzi owira, limasitika. Mwana akangokodza, ndimachotsa thauloyo, n'kupukuta chikuto, n'kuikamo lina, ndiye kuti chikuto chimodzi chimagwira kawiri kapena katatu chisanapite m'ndowa. Izi zimachepetsa kwambiri zikuto zofunika kugula. Mwana wamng'ono amasinthidwa ka 8 kapena kuposa patsiku, choncho mukatsata njira ya ogulitsa yoti thewera lonse lichapidwe nthawi iliyonse, mufunika mulu waukulu. Ndi njira yathauloyi, zikuto zochepa ndi mathaulo ochuluka zimakwana. Zikutozo, popeza sizisitika, ndimaziyanika pachingwe padzuwa lenileni, osati pakapinga kapena pampanda wamaluwa, n'kuzianula zikangouma. Tinsalu ta microfibre tija tinapeza ntchito ina, tikupukutira mawindo. Choipa cha njira yathauloyi n'chakuti mwana amaoneka wonenepa matako, ndipo timabuluku tina ta msinkhu wake sitikwera.

Ntchito ilipo, ndisakunamizeni. Mwana akayamba kudya phala, chimbudzi chimasintha, ndipo chimayenera kukutumulidwira m'chimbudzi thewera lisananyikidwe, madzi oyamba kutsukuluzira nawonso atayidwe momwemo. Kuyambira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sindichita masewera ndi madzi amenewa, ndipo ndowa ya matewera ili ndi chivundikiro, siigwira ntchito ina. Ndimachapa tsiku lililonse m'mamawa. Zikuto sindizinyika nthawi yaitali kapena kuzithira Jik, chifukwa lasitiki amatha msanga. Masiku amene mipope yauma kuno ku Area 25 ndi pamene umaganiza kawiri, pakuti kuchapa ndi kutsukuluza bwino kumadya ndowa zingapo. Amene mumagula madzi pakiyosiki, muwerengere ndalama imeneyo musanagule. Ndipo m'Januwale kukachita mvumbi, mathaulo amatha masiku awiri ali pachingwe cha pakhonde osauma, mumangowaumitsa ndi simbi.

Za ndalama, kugula koyamba kumapweteka, pakuti chikuto chimodzi mtengo wake unali wofanana ndi kapaketi ka mapampasi. Kusiyana kwake n'koti kapaketi kamatha pamasiku ochepa. Pamwana woyamba mapampasi ankalowa mubajeti ya mwezi uliwonse pamodzi ndi ufa ndi magetsi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inauluka pamodzi ndi katundu yense wochokera kunja. Pano ndimagula sopo waufa wochulukirapo, basi.

Ogulitsa amakonda kunena kuti matewerawa amateteza chilengedwe, ndipo pamenepa ndili ndi mbali ziwiri. Yoyamba aliyense amaiona ndi maso. Thewera lotaya lili ndi pulasitiki ndi timibulu ta mankhwala tomwe timatupa tikamwa madzi, siliola, silipsa bwino pamoto chifukwa n'lonyowa, limangofuka utsi wonunkha. Ukaliponya m'chimbudzi chokumba limadzadzitsa dzenje msanga, ndipo eni nyumba ambiri alendi amaletsa. Kwathu kuno galimoto yotola zinyalala sitiiona, ndiye matewera amathera m'ngalande ndi m'ziyangoyango, agalu n'kuwakhadzula usiku, mvula n'kuwakokolera kumtsinje wa Lingadzi ndi wa Lilongwe. Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kugwirizana nazo mu 2019, koma lamulo limenelo silikhudza matewera. Kungochotsa mulu wa banja limodzi pamulu waukuluwo, kwa ine n'chinthu.

Mbali yachiwiri ndi imene sitiikamba. Bungwe la Environment Agency ku Britain linafufuza nkhaniyi mu 2008 ndipo linapeza kuti ubwino wa thewera lochapa umadalira kachapidwe kake. Woyanika pachingwe n'kugwiritsanso matewera omwewo pamwana wotsatira amapindula, koma wochapa ndi madzi otentha kwambiri n'kuumitsa ndi makina amadya phindu lonselo. Ife makina oumitsira tilibe, dzuwa ndi laulere. Koma madzi athu otentha amachokera pambaula, ndipo makala ambiri a mu Lilongwe amachokera ku Dzalanyama, nkhalango yomweyo imene mtsinje wa Lilongwe umayambira, womwe umadzadza madamu a Kamuzu ndi kutipatsa madzi a m'mipopi. Ukamawiritsa matewera tsiku ndi tsiku, wapulumutsa ngalande koma wadula mtengo. Apongozi anga amafuna aziwiritsidwa nthawi zonse, ndipo pamenepa tinagwirizana kusiyana maganizo. Ine ndimawiritsa mathaulo pokhapokha mwana akatsekula m'mimba kapena akatuluka totupa, ndipo ndimatereka poto pamakala otsala tikatha kuphika. Masiku ena onse sopo, dzuwa ndi simbi zimakwana.

Ndinagulanso kachikwama kazipi kosalowa madzi koikamo matewera onyowa paulendo. Nako n'kabwino, kamatsekera fungo mpaka tibwere kutchalitchi. Tinsalu topukutira mwana togulitsa pamodzi ndi matewerawa sindinatigule. Ndinadula thaulo lakale m'tizidutswa, atelala apamsika n'kusoka m'mphepete, ndipo timapita m'ndowa yomweyo.

Mapampasi sindinawasiyiretu. Paulendo wautali wa pabasi, kapena kumaliro kumudzi komwe sungayambe kuyanika matewera pakati pa anthu olira, ndimanyamula ochepa. Usiku ndimaika mathaulo awiri ndipo kumacha bwino, ngakhale ana ena okodza kwambiri angafunike kusinthidwa pakati pa usiku. Mwana akamaswera ndi wantchito kapena kusukulu yamkaka, funsani kaye ngati avomera, chifukwa ena amakana, ndipo thewera lochapa silifuna kuchedwa kusintha, likakhalitsa mwana amasupuka.

Pogula, tembenuzani chikuto muone kapulasitiki kam'kati padzuwa. Kakhale kosalala, kopanda ming'alu kapena malo osenda. Kokani lasitiki wa m'miyendo ndi wakumbuyo muone ngati akubwerera, ndipo manganipo mabatani onse limodzilimodzi, chifukwa pa zanga chimodzi chinabwera ndi batani losagwira ndipo wogulitsa anakana kusintha. Zimapezekanso pakaunjika motchipa. Za lasitiki wotha musaziope, atelala amaikamo wina, koma zosenda pulasitiki zisiyeni pamulu pomwepo. Ndipo ngati wogulitsa akulola, mufunseni mtengo wa chikuto chokha popanda kansalu ka microfibre.